BC Sinali Mphatso: Nkhani Imene Ophunzira Akale a UNZA Saifuna

[Kamera ili pa mlatho wa oyenda pansi wa pa Great East Road, geti la UNZA (University of Zambia) likuoneka kumbuyo]

Musachoke msanga! Ngati munalowa pa UNZA kuyambira 2004 kubwera kuno, ndipo boma ndilo linkakulipirirani, vidiyo ino ikukhudza thumba lanu. Ena mwaona kale kamzere kachilendo pa payslip, kolembedwa kuti HELSB, bungwe la boma loona za ngongole za ophunzira, ndalama yachoka, mwayamba kutukwana pa Facebook. Ena simunakaonebe. Kakubwera.

Moni nonse, ma monk ndi ma moma, anyamata ndi atsikana a pa UNZA, a chaka chino ndi a makedzana. Amene mwabwera koyamba, dinani subscribe pompano, kabelu kali pambali pakepo mukadinenso. Sizilipiritsa, BC yanu, ndalama ija boma limapatsa ophunzira, siikhudzidwa.

Mbiri ndiithamangitsa chifukwa ambiri mukuidziwa. Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, anthu a digiri m'dziko lonse anali cha m'ma 100 basi. Lamulo lokhazikitsa yunivesite linadutsa mu 1965, ophunzira oyamba 312 anayamba mu 1966 ku Ridgeway, kufupi ndi UTH, kumene mpaka lero madokotala amaphunzirira. A Kenneth Kaunda ndiwo anali chancellor woyamba. Ndalama zina zomangira zinachokera kwa anthu wamba, ena anapereka nkhuku, ena mbuzi, ena timakobiri. Ma Goma Lakes aja munkakhalako ndi chibwenzi m'malo mowerenga anatchulidwa dzina la a Professor Lameck Goma, Mzambia woyamba kukhala vice chancellor. A Levy Mwanawasa ndi a Edgar Lungu anaphunzira zamalamulo pano, a Hakainde Hichilema zachuma, a Emmerson Mnangagwa a ku Zimbabwe nawonso digiri yawo ya zamalamulo ndi ya pano. CBU, Copperbelt University ya ku Kitwe ija imatinyoza masiku ano, inali nthambi ya UNZA mpaka 1987. A ku Kitwe, ndikudziwa mukuonera, lembani zanu m'munsimu, ndiwerenga.

Tsono munthu akamaliza, wavala gauni, wajambulitsa pa chiboliboli cha The Graduate chimene anasema a Henry Tayali, moyo wake ngati wophunzira wakale umakhala wotani? Kwa ambiri a ife ndi magulu a WhatsApp a intake yathu, maliro a mnzathu, ukwati wa mnzathu, ndi mikangano. Mikangano ndiye yosatha. Wina aika chithunzi cha ku Ruins, mahostelo akale aja, khoma lang'aluka, ndiye ayamba: "M'nthawi yathu sizinali chonchi." Wina ati digiri ya UNZA inatha mphamvu. Wina ati East Park Mall sikanayenera kumangidwa pa malo a yunivesite, mnzake amuyankha kuti nanga ndalama za lendi uzipereka ndiwe? Zonsezi ndi nkhani zabwino, tsiku lina tidzazitenga imodziimodzi. Koma pali bodza limodzi limene limabwera m'gulu lililonse, ndipo limandiwawitsa mutu chifukwa amalinena ndi anthu ophunzira.

[Mawu akulu pa sikirini: BC INALI YA ULELE?]

"BC inali ya ulele. Boma likutibera."

Iyayi, abale anga. Tiyeni tiyende pang'onopang'ono apa.

Kale, inde, inali ya ulele. Boma linkalipira kudzera ku Bursaries Committee, m'pamene dzina loti BC linachokera, ndipo palibe amene ankabweza. Koma kuyambira 2004 thandizo limenelo linasanduka ngongole. Fizi, malo ogona, ndalama ya mabuku, ya project, ya chakudya, zonse zinkalembedwa pa dzina lanu. Kaya munali pa 100 peresenti, kaya 75, kaya 50, gawo limene boma linalipira ndilo ngongole yanu. Mafomu aja munkasaina mothamanga mu first year, mutaima pa mzere kuyambira m'mawa, mukuganiza za nshima ya masana, anali a chimenechi.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anakhala zaka zambiri osafunsidwa kanthu? Apa m'pamene bodza linamera mizu. Komiti ija inkadziwa kupereka, koma inalibe mano otolera. Panalibe lamulo lokakamiza abwana anu kudula ndalama pa malipiro, panalibe njira yokutsatirani mukachoka pa campus. Munthu wa intake ya 2004 anamaliza, anakwatira, anagula plot ku Chalala, ana anayamba sukulu, palibe kalata. Ndiye aliyense anangoti basi, boma linaiwala. Mu 2016 nyumba ya malamulo inadutsitsa lamulo la Higher Education Loans and Scholarships, HELSB inabadwa m'malo mwa komiti ija, ndipo mu 2018 anayamba kutolera. Anayamba ndi ogwira ntchito m'boma, chifukwa iwowo kuwapeza n'kosavuta, dzina lili kale pa payroll. Aphunzitsi ambiri anadzidzimukira pamenepo.

Ndiye wina alemba, ndipo ndikudziwa alemba pansi pa vidiyo inonso: "Nanga a HH ndi anzawo anaphunzira ulele, ife talakwa chiyani?" Funso limeneli sindilinyoza. N'zoona, a Hichilema anamaliza mu 1986 pa bursary ya boma ndipo amanena okha poyera. M'badwo wawo unaphunzira osabweza ngwee. Koma taonani dziko limene ankaphunziramo. Pa ufulu tinali anthu osakwana 4 miliyoni, yunivesite itabwera inali imodzi yokha, kopa inali ndi mtengo. Mtengo wa kopa unagwa m'ma 1970, ngongole za dziko zinakwera, ndipo kalembera wa 2022 anatipeza tili 19.6 miliyoni. Lero HELSB sikulipirira UNZA yokha. Pali CBU, Mulungushi, Kwame Nkrumah, Mukuba, Chalimbana, Kapasa Makasa, onse akuyang'ana mphika umodzi. Mukhoza kunena kuti m'badwo wakale unali ndi mwayi woposa ife, ndivomera. Koma zimenezo sizifafaniza siginecha yanu pa fomu.

Ndipo chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi ichi. Ndalama imene mumabweza ndi imene imathandiza kulipirira mwana amene wangomaliza Grade 12 ku Chadiza kapena ku Kanyama. Ndi chilimba, abale. Inu munalandira mwezi wanu, munadya, tsopano yafika nthawi yoponya, mukuzimitsa foni. Ndiye chaka chilichonse mndandanda wa HELSB ukatuluka, ana ambiri atsala, anthu omwewo amene sabweza ndi amene amakhala patsogolo kulemba kuti boma silisamala za maphunziro. Ah, ndisapitirire, magazi angakwere.

Pali madandaulo enieni, amenewo ndili nanu. Chiwongoladzanja chilipo, ndipo munthu amene anakhala zaka osauzidwa kanthu akamva chiwerengero chonse mutu umazungulira. Wina ali ndi digiri koma akugulitsa salaula ku Soweto Market, kapena akuyendetsa Yango usiku, ndiye mumuuza za ngongole? Wina akuti ndalama imene akumudula siikugwirizana ndi zaka zimene anaphunzira. Amenewo ndi mafunso oyenera kufunsa mokweza, kwa HELSB, kwa MP wanu, pa wailesi. Kukangana za kuchuluka kwa chiwongoladzanja, kapena nthawi yobwezera, ndi nkhani ya anthu akuluakulu. Koma kunena kuti ngongole kulibe ndi kudzinamiza, ndipo kumangokuchedwetsani pamene chiwerengero chikukula.

Kanthu kena kamene anthu amasokoneza: meal allowance. Mu 2019 a Professor Nkandu Luo, ali nduna ya maphunziro apamwamba, anaichotsa. Boma la UPND linaibwezeretsa mu 2023. Ophunzira anavina, ndipo anayenera kuvina, njala pa campus si nthabwala. Koma ang'ono anga amene muli pa UNZA panopa, mvetserani kwa mkulu wanu: imeneyonso ikulembedwa. BC ikalowa n'kupita nayo ku East Park tsiku lomwelo, pizza imeneyo mudzailipira muli ndi ana awiri.

Tisanapite ku zoti muchite, matisheti athu aja afika, akuda ndi obiriwira, masaizi onse mpaka a ma monk amene mimba inakula atayamba ntchito ku banki. Linki ili m'munsimu, mu Lusaka timakubweretserani. Ndi amene amalipira mabandulo a channel ino.

Chabwino, zoti muchite.

Choyamba, dziwani chiwerengero chanu. Funsani statement ku HELSB, mukhale ndi NRC ndi computer number yanu, nambala yanu ya wophunzira. Inde, computer number ija. Mukuikumbukira, musanamizire, munthu wa UNZA amaiwala tsiku lobadwa la mkazi wake koma osati imeneyo.

Chachiwiri, ngati muli pa ntchito, abwana anu ali ndi udindo mwa lamulo wodula ndi kutumiza ndalamayo. Onetsetsani kuti imene yadulidwa yafikadi. Sungani ma payslip.

Chachitatu, ndipo apa ndichedwapo. Maganizo anu muziwapititsa kumene angagwire ntchito. Ife ophunzira akale tili ndi maganizo ambiri kuposa gulu lina lililonse mu Lusaka muno, koma amathera m'gulu la WhatsApp la anthu makumi anayi amene amagwirizana kale ndi ife. Ma comment mazana pa chithunzi cha chimbudzi cha ku hostelo, mawa lake tonse tasamukira ku nkhani ya Chipolopolo. Yunivesite ili ndi ofesi yoona za ophunzira akale, kalembetseni, asakusoweni. UNZA Radio ilipo, imbani foni. Lusaka Star, nyuzipepala imene ana a Mass Communication amaphunzirirapo ntchito, imafuna anthu oti iwafunse mafunso. Ndipo ngati mukulemba, lembani ngati munthu amene anadutsa pa yunivesite. Nenani chimene mwaona, liti, kuti, ndi chimene mukufuna chisinthe. "UNZA yatha" si ganizo, ndi kudandaula chabe. Komanso chonde, musanafananize ndi nthawi yanu, funsani kuti ophunzira analipo angati nthawi yanuyo ndipo lero alipo angati. Campus inamangidwira anthu ochepa kwambiri kuyerekeza ndi amene alipo tsopano. N'chifukwa chake squatting, kugona m'chipinda cha mnzako wopanda malo akoako, siinathe, n'chifukwa chake ma boarding house adzaza ku Kalingalinga, Kalundu, Ng'ombe ndi Handsworth, ana akulipira lendi ya bedi limodzi ngati nyumba yonse. Amene munagona ku Kwacha, Africa, President, International, kapena ma moma a ku October, mukudziwa chipinda chanu nambala yake. Intake imodzi itasonkha ikhoza kukonza mipope ya floor yonse. Pitani kudzera ku ofesi, osangofika ndi pulambala wanu Loweruka, koma zimatheka.

Mwa njira, lembani m'munsimu hostelo yanu ndi chaka chimene munalowa. Ndikufuna ndione ngati a ku Vet amaonera channel ino kapena akadali kutali monga kale.

Chachinayi, tengani mwana mmodzi wa attachment. Basi. Ngati muli ndi desiki ku ofesi, muli ndi mpata.

Chachisanu chinali choti ndinene za ma reunion, koma nthawi yatha, ndipo kunena zoona ma reunion ambiri ndi mpikisano wa magalimoto pa car park. Amene anabwera pa minibasi ya ku Chelstone amaima patali, amene ali ndi Hilux yatsopano ndiye amapatsidwa maikolofoni. Mukakonza reunion, ikani mtengo woti mphunzitsi wa ku Chongwe akwanitse, ndipo pakhale chinthu chimodzi chimene mwagwirizana kuchita musanatsegule mabotolo. Izi tidzazikamba bwino payokha.

A CBU, a Mulungushi, zonse ndanena za ngongole zikukukhudzani inunso ngati munalandira thandizo lomweli, musaseke a UNZA okha.

Ngati muli kunja, ku Johannesburg, ku London, ku Perth, ndipo mukuganiza kuti nyanja inakubisani, vidiyo ya sabata ya mawa ndi yanu: momwe mungabwezere muli kunja, ndi zimene muyenera kufunsa musanatumize ndalama iliyonse. Tumizani vidiyo ino ku gulu la intake yanu, makamaka kwa uja amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti BC inali ya ulele. Dinani like, dinani subscribe, matisheti linki ili pansipa. Tionana Lachisanu.