Kuyala chitenje kumbuyo kwa batani: phunziro la Loweruka ku Kapata

Zikomo nonse mwabwera, makamaka inu amayi a gulu la chilimba amene mwasiya malonda kumsika. Achinyamata muli kumbuyoko, sendezani mabenchi kuno, zomwe ndikuonetsa pakhomapa n'zazing'ono.

Sabata yatha tinapanga batani ndi kabokosi kolembamo ndalama. Tizigawo totere opanga mapulogalamu amati ma widget. Ena munadandaula kuti taoneka totuwa ngati khoma losapaka laimu. Ndiye lero titiyalira mphasa. Tiika chithunzi cha nsalu, cha lichero kapena cha thabwa kumbuyo kwake.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Chaka china ndinapangira gulu lina kapulogalamu kowerengera zopereka. Ndinajambula chitenje cha mayi anga, cha maluwa ofiira ndi achikasu, n'kuchiyala chonse kumbuyo kwa manambala. M'nyumba, pa kompyuta yanga, chinakongola zedi. Tsiku la msonkhano tinakhala pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lili paliwombo. Msungichuma anatenga kafoni kake ka itel, kuyang'ana, kupendeketsa, kutchinga ndi dzanja, kenaka anati, "Mwanawe, apapa ndi K80 kapena K30?" Duwa linali litameza theka la nambala. Mukuseka, koma K50 yosowa imathetsa chibale.

Bungwe la W3C, lomwe limakonza miyezo ya pa intaneti, linaika muyezo wake: zilembo wamba zisiyane kuwala ndi kumbuyo kwake ndi 4.5 pa 1, zikuluzikulu 3 pa 1. Pa mtundu umodzi wosalala kuyeza n'kosavuta. Pa chitenje ayi, chifukwa apa pada, apa payera. Muziyezera pamalo poipitsitsa, pomwe chilembo chagundana ndi duwa. Zikakanika, fifilitsani chithunzicho mpaka chizingomveka ngati kunong'ona, kapena ikani kachigamba koyera pansi pa nambala, chitenje chizioneka m'mphepete mokha.

Tsopano kayalidwe. Alipo telala muno? Eya, bambo awo. Mukamalumikiza nsalu ziwiri, mumaonetsetsa kuti duwa lodukira uku lipitirire uko, msoko usaoneke. Ifenso ndi momwemo. Sitiika chithunzi chimodzi chachikulu. Timadula kachidutswa, tinene ma pixel (timadontho timene timapanga chithunzi pa sikirini) 64 m'litali ndi 64 m'lifupi, foni n'kumakabwereza ngati njerwa pakhoma. Mu CSS, chinenero chokonzera maonekedwe a masamba a pa intaneti, mumalemba background-image n'kutchula fayilo, ndipo kamabwerezeka kokha pokhapokha mutakaletsa ndi background-repeat. Amene mukuphunzira Qt, chida china chopangira mapulogalamu, mawu ake ndi omwewo.

Chifukwa chake n'chiyani? Tiwerengere limodzi. Chithunzi chodzaza sikirini ya 1080 ndi 1920, foni ikachitsegula, pixel iliyonse imadya ma byte 4. Zonse pamodzi zimapitirira 8 MB. Kachidutswa kathu kaja ndi 16 KB basi. Foni ya agogo ku Chadiza, yodzaza kale ndi zithunzi za zidzukulu pa WhatsApp, kusiyanaku imakumva. Ndipo bando amagula ndi iwo, osati inu.

Msoko ndiye umavuta. Onani apa. Ndinajambula lichero dzuwa likuwomba kumanzere, ndiye mbali iyi yawala, iyi yada. Ndikabwereza, mukuona mizere ngati ya m'kope la masamu? Jambulani pamthunzi, foni italunjika bwino. Kenaka mu GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, sankhani Offset, musunthe chithunzi ndi theka mbali zonse. M'mphepete monse mumabwera pakati, msoko n'kuonekera ngati mtanda, inu n'kuufafaniza pang'onopang'ono. Ngati pali kadontho ka mafuta kapena mphako ya chiswe, kachotseni. Kadontho kamodzi kakabwerezedwa kokwana 50, diso limangoona ikoko.

Mwafunsa za batani lotambasuka, mchemwali. Funso labwino. Mawu athu ndi aatali. Pomwe Chingerezi chalemba zilembo zinayi, ife tilemba "Sungani zopereka za mwezi uno". Batani likakula, ngodya zake zozungulira zimapindika ngati beseni lopondedwa ndi ngolo. Android ili ndi njira yotchedwa nine-patch. Fayilo yake imathera ndi .9.png, ndipo m'mphepete mumasiya pixel imodzi. Kamzere kakuda ka pamwamba ndi ka kumanzere kamauza foni pamene ingakoke. Ka pansi ndi ka kumanja kamaonetsa pokhala mawu. Ngodya sizikhudzidwa. Koma njirayi imakoka, sibwereza, ndiye malukidwe a lichero mukawaika pakati adzatalika ngati chingamu. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa mpendero wokha, pakati ndimayala kachidutswa kaja. Musaiwalenso kupanga chithunzi chachiwiri chodera pang'ono, cha nthawi imene batani ladinidwa. Munthu akapanda kuona kusintha amadinanso, zopereka n'kulowa kawiri.

Wina anandiuza kuti zimenezi n'zachikale. Zoona, Apple inali ndi zithunzi za nsalu, za chikopa, ngakhale za kansalu kobiriwira ka patebulo la njuga m'mafoni ake, ndipo mu 2013 potulutsa iOS 7 inasesa zonse. Ambiri anatsanzira. Kwa ine, iwo anathira mchere wambiri, kenaka n'kuleka mchere. Kamzere ka malukidwe pamwamba pa pulogalamu ya ogulitsa nshawa, ngati Nc'wala ili pafupi kapena Kulamba, sikalakwira munthu.

Chabwino, khalani awiriawiri. Amayi, tibwerekeni lichero ilo ndi chitenje chimodzi chosakhala ndi nkhope ya munthu. Mujambulire pakhonde pali mthunzi. Mukamaliza batani lanu, lembanipo K80, mutuluke nalo pabwalo padzuwa, mupatse amayi msungichuma awerenge magalasi ali m'chikwama.