Achemwali, za ndalama za opaleshoni ija

Achemwali, mwaswera bwanji ku Leeds? Uthenga wanu wofunsa ngati angakubwezereni ndalama zomwe munalipira ndi khadi yanu pa opaleshoni ya mwana ku Turkey ndaumva, zithunzi za mwana ndaziona. Chilonda chapamimba chija, pomwe ulusi wamasuka, chandidetsa nkhawa. Apite kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, mawa lomwe, ndipo thupi likatentha usiku uno muimbe 111, nambala ya achipatala. Zimene alembe dokotala wakuno zidzakhalanso umboni wathu, ndiye mupemphe kope.

Tsopano za khadi. Kuno ku Britain kuli lamulo la 1974, Consumer Credit Act, anthu amangoti Section 75. Limati mukagula chinthu choposa £100 koma chosapitirira £30,000 ndi kirediti kadi, ogulitsa n'kuphwanya mgwirizano kapena kukunamizani, banki nayo ili ndi mlandu womwewo. Ngakhale pa khadi munalipira dipoziti yokha, zimatheka. Zoti opaleshoni inachitikira ku Turkey zisakudetseni nkhawa, House of Lords, khoti lalikulu la kuno pa nthawiyo, inagamula kale mu 2007 kuti zogula kunja zili momwemo.

Povuta ndi apa, mvetserani bwino. Khadi ndi yanu, mimba ndi ya mwana. Lamuloli limateteza mwini ngongole, ndipo mwini ngongoleyo akhale kuti ndi amene anapangana ndi ogulitsa. Mu 2022 Court of Appeal, khoti la apilo, inabweza mayi wina amene anavulala ku holide yomwe mwamuna wake analipira ndi khadi yake, ati mayiyo si amene ali ndi ngongole kubanki. Ndiye mwana asaimbire banki yekha ayi, angomuuza kuti sakumudziwa. Wolemba ndinu.

Musanalembe, khuthulani chikwama chija mumasungamo mapasipoti. Invoisi ili m'dzina la ndani? Anakambirana mtengo pa WhatsApp ndani? Ngati ndinu, jambulani mauthenga onsewo lero, achipatalawo asanakubulokeni, amatero anthu amenewa. Ngati paliponse pali dzina la mwana lokha, ndisakunamizeni, banki ikhoza kukana. Yesanibe, koma osawonjezera nkhani, nenani zimene zinachitika basi. Muonenso pa sitetimenti kuti ndalama zinapita kwa ndani. Zikakhala kuti zinadzera kwa ejenti wongopezera chipatala makasitomala, kapena pa PayPal, ulusi wolumikiza inu, banki ndi chipatala umatha kuduka pomwepo.

N'chifukwa chake ndikuti mupemphenso chargeback nthawi imodzi. Iyi si lamulo, ndi dongosolo la Visa ndi Mastercard, limagwiranso pa debiti kadi, ndipo limangobweza zimene zinachoka pa khadipo. Koma nthawi yake ndi yochepa, kawirikawiri masiku 120. Werengani pa kalendala, musagone.

Lemberani chipatala kaye, mwachidule, kuti mukufuna ndalama zanu, musunge yankho. Akakulonjezani opaleshoni ina yaulere kapena kandalama kochepa, musasaine kalikonse tisanawerenge limodzi. Kenako kalata ya kubanki. Musalembe zoti "mwana sanasangalale ndi maonekedwe", zimenezo sazimva. Lembani zimene analonjeza, zimene anachita, ndi zimene dokotala wakuno wapeza, kusonyeza kuti ntchito anaigwira mosasamala. Muikemo masiku, zithunzi, malisiti a mankhwala ndi a mabandeji omwe.

Abanki akakana kapena akamangokuzengerezani, lembani dandaulo. Ali ndi masabata 8 oti ayankhe komaliza. Kuchokera pa yankho limenelo muli ndi miyezi 6 yopita kwa Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a makasitomala a mabanki, ndipo kumeneko n'kwaulere, musapatse munthu aliyense ndalama kuti akulembereni.

Eya, ndikanaiwala, khadi ija pitirizani kulipira mwezi ndi mwezi, musakwiye n'kusiya, mungadziwonongere mbiri ya ngongole. Ndikulowa shifiti ya usiku tsopano. Jambulani invoisi ndi sitetimenti munditumizire, ndiziona pa buleki. Mwana mumupatse moni, mumuuze kuti azakhali ake sakumukalipira.