Laisensi ya Mfuti Si Chilolezo Chosakira Nyama

A Gulupu, mafumu athu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Chilimwe chino, tchire likamapsa, alenje ena amalowa m'mapiri a Dedza ndi pepala limodzi m'thumba, poganiza kuti ndi lokwanira. Mapepala ofunika ndi awiri, ndipo amachokera ku maofesi osiyana.

Loyamba ndi laisensi yosungira mfuti, imene apolisi amapereka motsatira lamulo la Firearms Act la 1967. Mumayambira ku polisi yakwathu konkuno, ngakhale kaundula wa mfuti ali kulikulu lawo ku Area 30, ku Lilongwe. Pa laisensiyo amalembapo dzina la munthu mmodzi ndi nambala yodindidwa pa chitsulo cha mfutiyo, ndipo iyenera kukonzedwanso chaka ndi chaka.

Apa tichedwepo pang'ono. Bambo akamwalira, mfuti yawo ija yokulungidwa m'chiguduli n'kutsomekedwa kudenga siigawidwa pamodzi ndi makasu ndi njinga, chifukwa laisensi inali ya malemuwo, osati ya banja. Mwana kapena mphwawo amene waitenga mwakachetechete wayamba kale kupalamula, ngakhale asanaombepo ndi kamodzi komwe. Choyenera n'kukaipereka kupolisi, ndipo woifunayo apemphe laisensi m'dzina lake. Kubwereketsa mlamu wopanda laisensi ndi mlandunso kwa nonse awiri. Gogodela wosulidwa kumudzi, kapena mfuti yolowa mozemba kuchokera ku Mozambique, inu nomwe mukudziwa kuti ilibe kaundula.

Pepala lachiwiri limachokera ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire, pansi pa lamulo la 1992 limene linakhwimitsidwa mu 2017. Chilolezo cha mbalame monga nkhanga ndi china, cha nyama ngati gwape ndi chinanso, ndipo chimatchula mtundu ndi chiwerengero cha nyama zimene mwaloledwa kupha. Sichikupatsani ufulu wolowa m'nkhalango zotetezedwa monga Chongoni kapena Dedza-Salima, kumene a zankhalango ali ndi malamulo awoawo. Sichilolanso kusaka usiku ndi tochi, kutchera waya, kuthira poizoni kapena kuyatsa tchire kuti nyama zivumbuluke. Moto umenewu, kunena zoona, umawononga zambiri kuposa mfuti. Pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi ngaka, chilango chimafika zaka 30 m'ndende.

Ndikudziwa kuti amayi ali kumbuyoko akufunsa za nguluwe ndi anyani amene akutha chimanga ndi mbatatesi m'minda, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Kanenani kwa amfumu, uthenga ufike kwa alangizi ndi a zanyama zakutchire. Mukapha nyama yotetezedwa podziteteza, musaisende n'kugawana ndiwo; kaneneni msanga kupolisi kapena kwa a zanyama, popeza nyamayo, chikopa ndi mano ake zimakhala za boma.