Magdalena Neuner, mtsikana wa ku Wallgau amene ankavutika kuwombera ataima

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, nanu atsikana muli kumbuyoko sunthirani kuno mumve bwino chifukwa nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Lero tikambe za Magdalena Neuner wa ku Germany ndi masewera ake a biathlon, omwe amachitikira kumaiko ozizira kuja kumagwa chipale chofewa.

Masewerawa amayenda chonchi. Munthu amavala ma ski kumapazi (timatabwa tatitali totsetserekera pa chipale chofewa), ndodo ziwiri mmanja, mfuti yolemera makilo 3.5 kapena kuposa ili kumsana, nkumathamanga zitunda ndi zigwa. Kenako amafika pamalo owombera, timabwalo takuda 5 tili uko pa mtunda wa mamita 50, theka la galaundi ya mpira. Akawombera atagona chafufumimba kabwaloko ndi ka masentimita 4.5 basi, akawombera ataima ndi ka 11.5. Ukaphonya kamodzi, pamipikisano yambiri umakazungulira mamita 150 achilango anzako akupita. Ndiye taganizani, mtima ukugunda kwambiri, wefuwefu, manja akunjenjemera, koma chala chikhale phee pa mfuti. Kuvuta kwake kuli pamenepo.

Magdalena anabadwa pa 9 February 1987 ndipo anakulira mmudzi waung'ono wa Wallgau ku Bavaria, kufupi ndi mapiri a Alps. Biathlon anayamba ali ndi zaka 9. Mu 2007 ku Antholz ku Italy, ali ndi zaka 20 zokha, anatenga mamendulo agolide 3 pa mpikisano wa dziko lonse lapansi, ndipo sizoni yotsatira anapambana World Cup yonse, chikho chimene amapatsa amene wasonkhanitsa mapointi ambiri pa mipikisano ya sizoni yonse, ali ndi zaka 21.

Koma amayi, mwanayu anali ndi pofooka pake ndipo dziko lonse linkapadziwa. Kuthamanga panalibe womufika, vuto linali kuwombera ataima. Anthu akamaonera pa TV ankachita kugwira mtima akamafika pamenepo. Mu January 2009, ku Antholz komweko, anafika powombera komaliza ali patsogolo ndi masekondi oposa 50, mpikisano uli mmanja, ndiye anawombera koyamba kuphonya, kachiwiri kuphonya, mpaka zipolopolo zonse 5 zinapita padera, mtsikana nkuyamba kuzungulira chilango ka 5 anzake akumudutsa mmodzimmodzi pamaso pa khamu lonse lija, mapeto ake anakhala nambala 6. Ine chimene chimandikhudza nchoti sananamizire mphepo kapena mfuti. Anavomera kuti vuto lili mmutu, kuti akafika pamzere paja mantha amamulowa, ndipo anapeza katswiri wa zamaganizo woti azimuthandiza. Ambirife zimenezo timachita nazo manyazi, timaona ngati kupita kwa munthu wotero ndiye kuti mutu sukuyenda, pomwe uyu anali katswiri wa dziko lonse kale ndipo anapitabe.

Patangotha chaka, mu 2010, kunali ma Olympics ku Vancouver ku Canada. Pa mpikisano woyamba wa makilomita 7.5 anapeza siliva, Anastasiya Kuzmina wa ku Slovakia anamuposa ndi sekondi imodzi ndi theka yokha. Kenako pa wa makilomita 10 golide, pa wa makilomita 12.5 golidenso. Nditi mumvetsetse apa, mipikisano iwiri imeneyi amawombera ka 4, ndipo kawiri komalizako ndi koima kuja kunkamusautsa.

Kunatsala mpikisano wopatsirana wa timu ya anthu 4. Magdalena, ali ndi mamendulo 3 kale, anasiya malo ake ndipo Martina Beck, mnzake wamkulu amene anali pafupi kupuma masewera, ndi amene anathamanga. Timu ija inapeza bronze, Martina nayenso nkubwerera kwawo ndi mendulo. Ena anadandaula kuti mwina Germany ikanatenga golide, koma ine ndimati anachita zaumunthu.

Musaganize kuti kuphonya kunatheratu ayi. Mu January 2012 ku Nove Mesto ku Czech Republic anasokonezeka nkuwombera timabwalo ta pamzere wa mnzake. Komabe sizoni yomweyo anatenganso World Cup kachitatu, ndipo ku Ruhpolding, kwawo ku Bavaria, anawonjezera magolide awiri kufika 12 a mpikisano wa dziko lonse. Mipikisano ya World Cup imene anapambana payekha ndi 34.

Mu March 2012 anasiya masewera ali ndi zaka 25 zokha, thupi lili bwinobwino, anthu akumupempha kuti adikireko ma Olympics a 2014 ku Sochi ku Russia. Iye anati chimene ankafuna pamasewera wachipeza ndipo akufuna moyo wamba. Anabwerera ku Wallgau, anakwatiwa mu 2014 nkuyamba banja, ndipo nthawi zina ankaoneka pa TV akufotokozera anthu mipikisano ya biathlon. Eya mayi mwakweza dzanja apo, funsani.