Mawu a m'mawa: Samueli nayenso anayang'ana msinkhu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Zomba kwacha ndi nkhungu, phiri silikuoneka n'komwe.

Tiwerenge 1 Samueli 16:7. Samueli atafika kwa Jese kukadzoza mfumu pakati pa ana ake, anaona Eliabu, mnyamata wamtali wooneka bwino, mumtima nati mfumu ija ndi yomweyi. Koma anamva mawu akuti: "munthu ayang'ana chooneka ndi maso, koma Yehova ayang'ana mumtima." Amene anaphonya apa anali mneneri, munthu womva mawu a Mulungu kuyambira ali mwana. Nanga ine ndi inu?

Dzulo m'minibasi yochokera ku Chinamwali munakwera mayi ndi mwana wa madiredi, atavala yunifolomu. Atangotsika, bambo wina anati dziko latha, masukulu asanduka bwalo la chamba. Ambiri anavomereza. Ine ndinakhala chete, ndipo chete ameneyo wandisowetsa tulo.

Paja ndi pa khoti lalikulu la konkuno, mu 2023, pomwe woweruza milandu a Zione Ntaba anagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Chigamulocho chisanabwere, ana ena ankabwezedwa pageti, anzawo ali m'kalasi. Mwana wosadziwa ndale, wosadziwa mtsutso wa zipembedzo, n'kutaya zaka za maphunziro chifukwa cha zimene zamera pamutu pake. Werengani Numeri 6:5: Mnaziri, munthu wopatulidwira Yehova, lumo silinkapita pamutu pake. Samisoni amene timaphunzitsa ana ku Sande sukulu uja sankameta.

Amayi athu akukumbukira lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yaifupi. Linachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu. Lero mayi amene amatsogolera mapemphero ku ofesi kwanu wavala thalauza, ndipo mumayankha Ameni osakayika. Mkangano wa hijabu m'sukulu za mishoni nawonso unatigawa chimodzimodzi.

Sindikunena kuti chikhalidwe n'chachabe, ayi. Ulemu pa kavalidwe ndimaufuna, ana anga ndimawalangiza. Chimene chikundiwawa n'chakuti mkwiyo wathu timauthera pa tsitsi ndi nsalu, pomwe wakuba mankhwala a odwala, bola wavala suti ndi tayi, timamupatsa mpando wakutsogolo m'tchalitchi. Ngakhale mtundu wa chitenje cha chipani watikwanira kuti tileke kupatsana moni ndi mnansi amene tinakumba naye manda a mbale wathu.

Davide, mwana wotsiriza wa Jese amene Yehova anamusankha, anali kubusa, palibe anaganiza zomuitana. Samueli anati sitikhala pansi mpaka atafika.

Tipemphere. Atate, mwana uja wa m'minibasi mumudziwa dzina lake, ine sindilidziwa. Mumuteteze lero m'kalasi. Ndikhululukireni kuti sindinamuyankhulire, ndipo ndikakumananso ndi bambo aja mundipatse mawu ofatsa oti ndiwauze. M'dzina la Yesu, Ameni.