Apolisi a Yunivesite ku America: Amalowa Bwanji, Amakwera Bwanji, Nanga Amamvera Ndani?

[Pa sikirini: galimoto ya polisi itaima pafupi ndi laibulale, ophunzira akudutsa ndi zikwama zawo]

Moni nonse amene mukutionera, kulikonse kumene muli. Galimoto mukuionayi si ya apolisi a mumzinda, komanso si ya kampani ya alonda ayi. Mwini wake ndi yunivesite. Amene ali m'katimo amalandira malipiro ku ofesi yomweyo imene imalipira aphunzitsi, koma ali ndi mfuti, ali ndi unyolo, ndipo malamulo amawalola kumanga munthu. Lero tikambirana za ntchito imeneyi ku America, makamaka ku University of California, chifukwa kumeneko zabwino ndi zoipa zomwe zinachitikira poyera, dziko lonse likuona.

Kwathu ku Malawi polisi ndi imodzi dziko lonse. Pa kampasi pamakhala alonda, ndipo zikafika povuta amaitana apolisi a boma. Ku America si choncho. Mzinda uli ndi apolisi ake, chigawo chili ndi ake, mayunivesite ambiri nawonso ali ndi awo. Kafukufuku amene boma la America linachita m'chaka cha maphunziro cha 2011 mpaka 2012 anapeza kuti mwa mayunivesite aboma okhala ndi ophunzira 2,500 kapena kuposa, 92 pa 100 alionse anali ndi apolisi awoawo olumbiritsidwa. Mwa mayunivesite omwe si aboma anali 38 pa 100.

[Pa sikirini: mapu a California, makampasi 10 akuwonekera limodzilimodzi]

Amene mukukumbuka mmene University of Malawi inalili chisanafike chaka cha 2021, Chanco, Poly, College of Medicine ndi KCN zili pansi pa ofesi imodzi ku Zomba, simuvutika kumvetsa. University of California ili ndi makampasi 10, monga Berkeley, Davis, Los Angeles ndi San Diego, ndipo ophunzira ake onse ndi pafupifupi 300,000. Pulezidenti wa yunivesite yonse amakhala ku Oakland, koma kampasi iliyonse ili ndi mtsogoleri wake, chansala, amene amayendetsa zinthu tsiku ndi tsiku. Kampasi iliyonse ilinso ndi polisi yake ndi mkulu wa apolisi wake. Akuluakulu 10 amenewa amatsata buku limodzi la malamulo a ntchito, ndipo kukabuka chipwirikiti kwina amabwerekana apolisi. Ku Texas anasankha njira ina. University of Texas System ili ndi mkulu mmodzi wa apolisi a makampasi onse ku Austin, ili ndi sukulu yakeyake yophunzitsira apolisi, ndipo ofesi ya ku Austin imayendera makampasi kukaona ngati ntchito ikuyenda motsata malamulo.

Mbiri yake tiidutsa mwachangu. Mu 1894 yunivesite ya Yale inatenga apolisi awiri a mumzinda wa New Haven kuti azikhala pa kampasi, nthawi imene ophunzira ndi anthu a m'tauni sankamwerana madzi. Kwa zaka zambiri pambuyo pake ntchitoyi m'malo ambiri inali ya ulonda basi: kutseka zitseko, kuyang'ana moto. Zinasintha m'zaka za m'ma 1960. Pa 1 Ogasiti 1966 munthu wina anakwera nsanja ya University of Texas ku Austin n'kuyamba kuombera anthu pansi, ndipo chaka chotsatira Texas inakhazikitsa polisi ya mayunivesite ake. Pa 4 Meyi 1970 asilikali a National Guard anaombera ophunzira ochita zionetsero ku yunivesite ya Kent State, n'kupha 4. Atsogoleri a mayunivesite anaona kuti kuitana anthu a mfuti ochokera kunja, osadziwa ophunzira, n'kuika moyo wa ana pachiswe. Lonjezo la ntchitoyi linali limenelo: wapolisi wodziwa kampasi, wodziwa kuti wofuula uja ndi mwana wa zaka 19.

[Pa sikirini: ophunzira usilikali wa polisi ali pamzere]

Nanga munthu amalowa bwanji? Khomo lake ndi lomwelo limene amadzera wapolisi wa mumzinda wa Los Angeles kapena San Francisco. Ku California bungwe lotchedwa POST ndi limene limaika muyezo. Munthu akhale ndi zaka zosachepera 21, akhoze mayeso olemba ndi a mphamvu, madokotala amuyeze thupi ndi maganizo, ndipo amafufuzidwa mbiri yake yonse, mpaka ngongole ndi kumene anagwirapo ntchito. Akatero amapita ku sukulu ya apolisi, kumene maphunziro ake sachepera maola 664. Akatuluka sayenda yekha msanga. Kwa miyezi ingapo amakwera galimoto imodzi ndi wapolisi wodziwa ntchito amene amalemba zonse zimene watsopanoyo akuchita.

Palinso kanjira kena kamene ine ndimakakonda. Makampasi ambiri amalemba ophunzira awo omwe kuti azithandiza polisi popanda mfuti: kuperekeza anzawo usiku kuchoka ku laibulale kupita ku hositelo, kuyang'anira nyumba, kulondera pa masewera. Ena mwa iwo akamaliza digiri amafunsira upolisi weniweni. Munthu wotere amalowa ntchito akudziwa kale mmene mutu umazungulirira sabata ya mayeso.

Makwerero ake ndi odziwika: wapolisi wamba, kenako wofufuza milandu kapena sajeni, kenako lefutenanti, kaputeni, wachiwiri kwa mkulu, mpaka mkulu wa apolisi. Usajeni umabwera ndi mayeso komanso zaka za ntchito. Kumtunda kwenikweni amayang'ana digiri, nthawi zambiri yachiwiri, ndi maphunziro a utsogoleri monga a masabata 10 a FBI National Academy ku Quantico. Si onse amakulira m'katimo. Ambiri amabwera atagwira kale zaka zambiri kwina. Joseph Farrow anatsogolera California Highway Patrol, polisi ya pamsewu ya chigawo chonse, asanakhale mkulu wa apolisi a ku Davis mu 2017.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku si ya m'mafilimu. Ndi njinga zobedwa, malaputopu osowa, wophunzira amene wamwa mopitirira muyezo, mtsikana amene wagwiriridwa ndipo akuopa kulankhula, mnyamata amene maganizo amuchulukira pakati pa usiku ndipo akufuna kudzipha. Kuwonjezera apo pali mapepala, ndipo mapepala amenewa ali ndi nkhani yowawa.

[Pa sikirini: chikuto cha lipoti la pachaka la zachitetezo]

Mu Epulo 1986 Jeanne Clery, wa zaka 19, anagwiriridwa n'kuphedwa m'chipinda chake ku hositelo ya Lehigh University ku Pennsylvania. Makolo ake atamva kuti pa kampasipo panachitikapo kale milandu yambiri yachiwawa imene iwo sanauzidwe, sanakhale chete. Anamenya nkhondo mpaka mu 1990 lamulo linadutsa, limene lero limadziwika ndi dzina la mwana wawo. Yunivesite iliyonse yolandira ndalama za boma zothandizira ophunzira iyenera kutulutsa lipoti la milandu pofika pa 1 Okutobala chaka chilichonse, kusunga kaundula wa milandu amene aliyense angamuone, ndi kuchenjeza anthu msanga pakakhala choopsa. Yobisa imalipira. Michigan State inalipitsidwa chindapusa cha madola 4.5 miliyoni mu 2019, Liberty University madola 14 miliyoni mu 2024.

Mawu akuti msanga anadzamveka kulemera kwake pa 16 Epulo 2007 ku yunivesite ya Virginia Tech. Ophunzira awiri anaomberedwa ku hositelo cha m'ma 7:15 m'mawa. Uthenga wochenjeza kampasi unatumizidwa 9:26. Patangopita mphindi zochepa, wakuphayo analowa m'nyumba ya makalasi n'kupha anthu ena 30. Panapita maola awiri chenjezo lisanatuluke, ndipo mbali ina ya nthawiyo akuluakulu ankakambirana choti anene. Kuchokera pamenepo, funso limene mkulu wa apolisi aliyense ayenera kuliyankha tsoka lisanagwe ndi lakuti: ndani ali ndi mphamvu yotumiza chenjezo osadikira msonkhano?

Apa ndiye tafika pa mtima wa nkhani yathu. Mkulu wa apolisi a yunivesite analumbira kuteteza malamulo, koma amene anamulemba ntchito, amenenso angamuchotse, ndi akuluakulu a yunivesite. Akuluakuluwo ndi anthu a maphunziro. Amaganizira mbiri ya sukulu, makolo, opereka ndalama, andale. Zonsezi si zoipa, koma si upolisi.

[Pa sikirini: bwalo la udzu la ku Davis, matenti atamangidwa]

Pa 18 Novembala 2011 ophunzira a ku Davis anali atamanga matenti pabwalo, kudandaula za kukwera kwa fizi komanso kumenyedwa kwa anzawo ku Berkeley masiku ochepa m'mbuyomo. Apolisi atabwera kudzachotsa matentiwo, ophunzira ena anakhala pansi pamzere atakolowekana mikono. Lefutenanti John Pike anayenda kutsogolo kwawo akuwapopera mankhwala a tsabola kumaso, iwo ali chikhalire. Vidiyo yake inazungulira dziko lonse.

Anthu ambiri anaona munthu mmodzi wankhanza. Koma gulu lofufuza limene linatsogoleredwa ndi Cruz Reynoso, yemwe kale anali woweruza ku khoti lalikulu la California, linapeza kuti vuto linayambira kumtunda. Lipoti lawo la mu Epulo 2012 linati akuluakulu ankaopa kuti m'matentimo mwadzaza anthu akunja, koma umboni wake sunali wokwanira. Apolisi ankafuna kuchotsa matenti m'bandakucha, 3 koloko, anthu ali ochepa. Chansala Linda Katehi anati zichitike 3 koloko masana. Ndiye kuti kampasi ili yodzaza, komanso lamulo limene ankadalira linali loletsa kugona pabwalo usiku. Mkulu wa apolisi, Annette Spicuzza, sanalimbe pokana, ndipo pansi pake malefutenanti sankamvera zonse zimene iye ankalamula. Chida chimene Pike anagwiritsa ntchito sichinali m'gulu la zololedwa ku polisi imeneyo. Mapeto ake, Spicuzza anapuma pantchito, Pike ntchito inamuthera, ndipo yunivesite inalipira pafupifupi madola 1 miliyoni, ophunzira 21 aliyense kulandira chipukutamisozi cha madola 30,000.

Ine ndikawerenga nkhani imeneyi, chimene chimandipweteka ndi msonkhano uja wa akuluakulu. Munali munthu mmodzi yekha wodziwa zimene zimachitika apolisi akakumana ndi khamu masana, ndipo ntchito yake inali kunena kuti, "Bwana, nthawi imeneyo ayi, ndipo nachi chifukwa chake." Mayeso a usajeni sayesa zimenezo.

[Pa sikirini: kampasi ya UCLA usiku, zipilala za nyumba ya Royce Hall]

Patapita zaka zoposa 12, University of California yomweyo inalakwira mbali inayo. Usiku wa pa 30 Epulo 2024, gulu la anthu linaukira msasa wa ophunzira otsutsa nkhondo ya ku Gaza pa kampasi yake ya ku Los Angeles, yotchedwa UCLA. Anabwera ndi ndodo ndi makombola a zikondwerero. Ana anamenyedwa, magazi anatuluka, makamera akujambula, ndipo panapita maola pafupifupi atatu apolisi asanalowererepo mokwanira. Kampani ya 21CP Solutions, imene inapatsidwa ntchito yofufuza, inapeza kuti panalibe dongosolo lokonzedweratu, kulumikizana kunali kosokonekera, ndipo sizinkadziwika bwino kuti womanga mfundo ndani. Mkulu wa apolisi, John Thomas, anachotsedwa pa mpando mwezi wa Meyi. Chansala Gene Block anatsegula ofesi yatsopano ya zachitetezo, n'kuika Rick Braziel, yemwe kale anali mkulu wa apolisi a mzinda wa Sacramento, kuti aziyankha kwa chansala mwachindunji.

Ku Davis anathamangira pamene anayenera kudekha. Ku UCLA anadikira pamene ana ankafunika thandizo. Malipoti onse awiri analoza malo amodzi, pamene ofesi ya chansala imakumanira ndi ofesi ya mkulu wa apolisi.

Tisabise, pali ophunzira ndi aphunzitsi ambiri amene safuna n'komwe apolisi a mfuti pa kampasi, ndipo ali ndi zifukwa. Mu Julayi 2015 wapolisi wa University of Cincinnati anaimitsa Samuel DuBose, bambo wachikuda, kunja kwa kampasi chifukwa galimoto yake inalibe nambala kutsogolo, n'kumuombera mpaka kumupha. Mawu otsutsawo anakula kwambiri George Floyd, bambo winanso wachikuda, ataphedwa ndi wapolisi mu 2020. Mu 2021 pulezidenti wa University of California, Michael Drake, anatulutsa ndondomeko yatsopano: si foni iliyonse imene iyankhidwe ndi munthu wa mfuti. Wophunzira amene wasokonezeka maganizo akumane kaye ndi katswiri wa zaumoyo, nkhani zing'onozing'ono zipite kwa ogwira ntchito opanda zida, ndipo ziwerengero za ntchito ya apolisi ziziikidwa poyera. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndi yolondola. Yatsegulanso ntchito kwa anthu amene sakufuna kunyamula mfuti: olandira mafoni a ngozi, oyang'anira malipoti a lamulo la Clery, alangizi a zamaganizo, okonza mapulani a nthawi ya tsoka.

Kwa abale athu amene muli ku America ndipo ntchitoyi yakukhudzani mtima, pali kusintha kumodzi koyenera kukudziwa. Kale ku California wapolisi ankayenera kukhala nzika, kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika amene wafunsira unzika. Kuyambira pa 1 Januwale 2023 lamulo la SB 960 linachotsa zimenezo, ndipo chofunika tsopano ndi chilolezo chovomerezeka chogwirira ntchito m'dzikomo. Farrow wa ku Davis uja anali mmodzi mwa amene analimbikira kuti lamuloli lisinthe. Zigawo zina zili ndi malamulo awoawo, ndipo zambiri zimafunabe unzika, choncho musanalembe kalata yofunsira ntchito yambani mwaona zimene bungwe loyang'anira apolisi m'chigawo chanucho limafuna.