Musanagulitse kapena kutaya kompyuta ya pa ofesi, yambani mwafufuta hadi disiki

Omvera athu a ku Chikwawa, ku Nchalo, kwa Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje, ndakulonjerani nonse. Lero ndikulankhula makamaka ndi inu amene mumagwiritsa ntchito kompyuta pa bizinesi: eni zipatala zing'onozing'ono, alembi a makopaletivi a alimi a nzimbe ndi thonje, oyang'anira sukulu zomwe si zaboma, ndiponso amene mumabwereketsa ndalama. Nkhani yathu ndi ya zomwe muyenera kuchita ndi hadi disiki, kachipangizo kamene kamasunga zonse zolembedwa m'kompyuta, makinawo asanatuluke pakhomo la ofesi yanu, kaya mukuwagulitsa, kuwapereka kwa wantchito wina, kapena kuwataya. Maofesi ambiri akusintha makompyuta masiku ano chifukwa kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho makina akale akuchuluka pamsika, ndipo ambiri mwa iwo akugulitsidwa zinsinsi za eni ake zili momwemo.

Anthu ambiri amaganiza kuti akadina Delete n'kukhuthula Recycle Bin ndiye kuti fayilo yapita. Taganizirani buku la ngongole la m'golosale, limene patsamba loyamba pali mndandanda wa maina ndi nambala ya tsamba la munthu aliyense. Mukang'amba tsamba loyambalo, ngongole zonse zimakhala zidakalembedwa m'kati, ndipo munthu wofatsa atha kuvundukula masamba limodzilimodzi n'kuwerenga zonse. Kompyuta imachita chimodzimodzi. Delete imangochotsa dzina la fayilo pa mndandanda n'kunena kuti malowo ndi opanda mwini, koma zolembedwazo zimakhalabe pa disiki mpaka tsiku limene china chidzalembedwe pamwamba pake. Quick Format nayonso imangokonza mndandanda watsopano osakhudza za m'kati. Mapulogalamu aulere monga Recuva ndi PhotoRec amabweza mafayilo otere, ndipo mnyamata aliyense wodziwa kutsitsa pulogalamu pa intaneti atha kuona malipiro a antchito anu, zithunzi za ziphaso za unzika za makasitomala, kapena zotsatira za magazi a odwala anu.

Pali chinthu china chimene ife a kuchigwa kuno tiyenera kuchimvetsa kuposa anzathu a kumtunda. Madzi osefukira a namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anawononganso malo opangira magetsi a Kapichira, ndiponso a namondwe Freddy mu Malichi 2023, analowa m'maofesi ambiri, ndipo makompyuta amene anamira anaunjikidwa m'zipinda zosungiramo katundu poganiza kuti anafa. Chimene chimafa msanga ndi mbali ya magetsi ya kompyutayo. Mbale zozungulira za m'kati mwa disiki, zomwe zimasunga zolembedwa pogwiritsa ntchito maginito, sizifufutika ndi madzi kapena matope, ndipo katswiri amene ali ndi zida atha kuziwerenga. Choncho kompyuta yomwe yakana kuyaka musaipereke kwa ogula zitsulo zakutha disiki ili momwemo. Kumbukiraninso kuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la chaka cha 2024, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woyang'anira, ndipo amene anatolera maina, manambala a foni ndi ziphaso za anthu ndi amene ali ndi udindo wozisamala.

Tsopano tibwere ku ntchito yeniyeni. Choyamba, koperani zonse zomwe mudzazifune, makamaka mabuku a ndalama ndi zikalata za misonkho, muziike pa disiki ina, ndipo mutsegule mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akutseguka, chifukwa njira zimene ndifotokozezi zilibe pobwerera. Kenako tulukani mu imelo, mu WhatsApp ya pa kompyuta ndi mu akaunti ya kubanki, ndipo musinthe mawu achinsinsi a zonsezi.

Chachiwiri, dziwani mtundu wa disiki yanu, pakuti mitundu ilipo iwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Pa Windows, tsegulani Task Manager, mupite pa Performance, ndipo pa dzina la disiki mudzaona palembedwa HDD kapena SSD. Mtundu wa HDD ndi wakale uja wolemerako, umene umalira pang'onopang'ono ukamagwira ntchito chifukwa m'kati mwake mbale zimazungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi imodzi. Mtundu wa SSD ulibe chozungulira chilichonse, ndi wopepuka, ndipo umasunga zinthu m'timabokosi takuda ta magetsi.

Ngati disiki yanu ndi HDD ndipo ikugwirabe ntchito, njira yake ndi kulemba maziro pamwamba pa malo onse, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Chotsani disikiyo, muilumikize ku kompyuta ina ndi chingwe cha USB chopangidwira ntchitoyi, chifukwa Windows singafufute disiki imene yakhalapo yokha. Tsegulani Command Prompt, zenera la mu Windows lolembamo malamulo, ndi mphamvu za Administrator, mulembe mawu akuti diskpart, kenako list disk. Padzatuluka mndandanda wa madisiki ndi kukula kwake. Apa ndipo ndikupemphani kuti mufatse ndipo muitane mnzanu ayang'ane nanu, chifukwa mukasankha nambala yolakwika mufufuta kompyuta yabwinobwino ya ofesi, ndipo makinawo sadzakufunsani kawiri. Mukatsimikiza, lembani select disk ndi nambala yake, kenako clean all. Mawu akuti all ndi ofunika kwambiri, pakuti clean payekha amangong'amba tsamba loyamba lija. Kompyuta idzakhala duu osaonetsa kuti yafika pati, koma musaizimitse. Disiki ya 500 GB imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, ya 1 TB maola awiri kapena atatu, ndipo nthawiyi imachuluka kwambiri ngati chingwe cha USB chili cha mtundu wakale. Amene muli ndi makompyuta ambiri mungagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya DBAN kapena ShredOS, imene imaikidwa pa fulashi n'kuyatsira kompyuta kuchokera pamenepo, osachotsa disiki.

Poganizira kutentha kwa kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, yambani ntchitoyi m'mamawa kapena madzulo, pamalo opita mphepo, chifukwa disiki imene ikulembedwa maola angapo osapuma imatentha kwambiri. Onetsetsaninso kuti muli ndi batire yodzaza, sola kapena jenereta, pakuti magetsi akathima pakati, mbali imene sinafikidwe imatsala ndi zonse, ndipo muyenera kuyambiranso.

Mwina wina adzakuuzani kuti muyenera kulemba pamwamba maulendo 7 kapena 35. Nambala ya 35 inachokera kwa katswiri wa ku New Zealand, Peter Gutmann, mu 1996, ndipo inali yokhudza madisiki a nthawi imeneyo. Bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, m'malangizo ake otchedwa 800-88 a mu 2014, linaonetsa kuti pa madisiki amakono a HDD ulendo umodzi ndi wokwanira. Musawononge mafuta a jenereta masiku atatu pa ntchito ya maola atatu.

Pa SSD nkhani ndi ina. Disiki ya mtunduwu imasinthasintha yokha malo olembapo kuti isathe msanga mbali imodzi, ndiponso ili ndi malo obisika amene Windows sifikako, kotero kulemba maziro sikutsimikiza kuti zonse zapita. Gwiritsani ntchito lamulo la Secure Erase kapena Sanitize, limene limapezeka m'pulogalamu ya kampani imene inapanga disikiyo, monga Samsung Magician pa madisiki a Samsung, kapena, pa makompyuta ena, mu BIOS, pulogalamu ya m'kati imene imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke. Ngati disikiyo inali yotsekedwa ndi BitLocker, pulogalamu ya mu Windows imene imasokoneza zolembedwa kuti zisawerengeke popanda kiyi wake wachinsinsi, kuyambira tsiku limene munayamba kuigwiritsa ntchito, ntchito imapepuka, chifukwa kiyi akawonongedwa zotsalazo siziwerengeka. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti kompyuta yatsopano muiyatsire BitLocker tsiku loyamba lomwelo.

Ngati laputopu ikungochoka kwa akauntanti kupita kwa mlembi wa mu ofesi yomweyo, mungagwiritse ntchito njira ya mu Windows yotchedwa Reset this PC, kusankha Remove everything, kenako pa Change settings muyatse Clean data. Imeneyi ndi yokwanira pa zinthu wamba, koma pa kompyuta imene inasunga za odwala kapena ngongole za anthu ndipo ikupita kwa mlendo, ine sindingaidalire yokha. Mukamaliza njira iliyonse, yesani nokha kubweza mafayilo ndi Recuva kapena PhotoRec, ndipo pakatuluka ngakhale chikalata chimodzi chowerengeka, bwerezani ntchitoyo.

Disiki imene yakana kuyaka, kapena imene inamira ija, singafufutidwe ndi pulogalamu, ndiye iyenera kuphwanyidwa. Pitani nayo nokha kwa amisiri owotcherera zitsulo, muimirire pomwepo, aiboole mabowo atatu kapena anayi opyoza mbale za m'kati, kenako aimenye ndi hamala mpaka mbalezo zipindike. Valani magalasi oteteza maso, chifukwa mbale za madisiki ambiri a laputopu ndi zagalasi ndipo zimathetheka. Pa SSD, tsegulani chikuto n'kuswa kabokosi kakuda kalikonse, pakuti bowo limodzi litha kudutsa pambali n'kusiya timabokosi tonse tili bwino, ndipo maginito alibe mphamvu pa mtundu umenewu. Musaitenthe pamoto chifukwa utsi wake ndi wapoizoni, ndipo musaiponye mu Shire kapena m'chimbudzi. Makina akuluakulu a fotokope ndi bokosi lojambulira makamera a chitetezo nawonso kawirikawiri amakhala ndi disiki, choncho muwatsegule musanawagulitse.

Pa disiki iliyonse lembani m'kaundula wa ofesi tsiku, siriyo nambala imene ili pa chipepala chomata pamwamba pake, kompyuta imene inachokeramo, njira imene mwagwiritsa ntchito, ndi kumene yapita, ndipo asaine anthu awiri, amene wagwira ntchitoyo ndi mboni yake. Kompyuta ikamakwera minibasi kupita ku Limbe kukakonzedwa vuto limene silikukhudza disiki, monga sikirini yosweka kapena kiyibodi, chotsani disikiyo itsale m'kabati yokiya, ndipo mulembenso m'kaundula momwemo tsiku limene mwaichotsa ndi tsiku limene mwaibwezera.